Munthu wa Atate ku Ulaya Wakale

Atate anadwala sitiroko titangosamukira ku Chawama, m'nyumba ina kuseri kwa msika. Moyo wawo wonse anali woyendetsa malole a katundu, kuchoka ku Lusaka mpaka ku Dar es Salaam, nthawi zina ku Beira. Ndiye kuwaona atangokhala pakhonde tsiku lonse, dzanja lamanja lili gone pamwendo ngati la munthu wina, kunkatiwawa tonse. Kuchipatala anatiuza kuti zala zizipatsidwa chochita. Amayi anawapatsa nyemba m'lichero kuti azisankha. Anasankha tsiku limodzi, mawa lake anati iwo si nkhuku.

Mlongo wanga, amene ankakonza mafoni m'tauni, ndiye anabwera ndi kamakina ka masewera kolumikiza ku tivi. Anati mabatani ake angathandize zala. Gemu imene inalimo inali ya ku Ulaya wakalekale, nthawi ya mafumu okhala m'malinga amiyala ndi asilikali ovala zitsulo, oyenda pa akavalo. Usanayambe unkayenera kupanga munthu wako: mphuno, ndevu, khungu, zonse.

"Mufuna aoneke bwanji, batate?" anafunsa mlongo wanga.

"Monga ine," anatero atate. Mawu ankatuluka mochedwa masiku amenewo. "Iwe ufuna aoneke monga ndani?"

Mlongo wanga anadetsa khungu pang'onopang'ono mpaka atate anati, "Apo." Anamuika dazi ndi ndevu za imvi. Amayi anasuzumira kuchokera kukhitchini nkunena kuti mimba yachepa, koma atate anachita ngati sanamve.

Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, amalume, mlongo wawo wa amayi, ankakwera basi kuchokera ku Matero kudzaona wodwala. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo zaka zambiri anaphunzitsa mbiri yakale. Tsiku limenelo anapeza atate atatsamira kutsogolo, lilime lili pakati pa mano, akulimbana kuti kavalo akhote. Amalume anavala magalasi awo nkuyandikira tivi.

"Ba mulamu, uyu munthu achita chani kuja?"

"Ayenda."

"Naona kuti ayenda. Koma anafika bwanji? Ino ni nthawi yakale maningi. Kunalibe ndeke, kunalibe njanji. Munthu wakuda, wa dazi la ku Katete, pakati pa azungu okhaokha, atavala vitsulo?"

Atate anaika kachipangizo ka mabatani pamwendo. Anati paliponse pamene pali njira, munthu amafikapo. Anafotokoza za bambo wina wa kwathu kummawa amene anamupeza padoko ku Dar es Salaam akugulitsa tiyi, atakwatira komweko, Chinyanja chake chitayamba kuchita dzimbiri. Amalume anayankha kuti bamboyo anakafika kumeneko pa lole ngati ya atate yomweyo. Atate anafunsa ngati ngamila ndi mabwato zinabwera ndi malole. Tiyi anazizira m'makapu. Ine ndinali pampando wa pakona, ndipo mumtima ndinkaona kuti amalume akunena zoona, koma ndinali ndisanamve atate akulankhula mawu ambiri chonchi chidwalireni, choncho ndinatseka pakamwa.

Chimene chinkawasowetsa mtendere kwambiri amalume chinali chakuti anthu a m'gemumo sankadabwa. Munthu wa atate akalowa m'mudzi, wosula zitsulo ankamulonjera ngati mwana wa neba. "Apa ndiye pali bodza," ankatero akuloza ndi chala. "Ngakhale muno mu Chawama mzungu akapita, ana amamulondola mpaka ku siteshoni ya mabasi. Aba sanatembenuke na mutu."

Mkati mwa sabata amalume anandiimbira foni kuti ndipite ku Matero ndikawathandize kufufuza pa intaneti, poti maso awo sankagwirizana ndi tizilembo ta pafoni. Tinakhala panja pamthunzi wa mpapaya, ine ndikuwerenga, iwo akumvetsera atatsinzina. Choyamba chimene tinapeza chinali anthu ambirimbiri a m'maiko akutali akutukwanizana pa nkhani yomweyi. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Iwo ankayesa kuti mkanganowu ndi wa iwo ndi alamu awo basi. Atamva mmene anthuwo ankayankhulirana anapukusa mutu nkunena kuti tisiye zimenezo, tipeze anthu amene anawerenga mabuku.

Lamlungu lotsatira anafika ndi nkhope ya m'kalasi. Anakhala pansi, analonjera aliyense, kenaka anayamba. Anati anthu ochokera kumpoto kwa Afirika analamulirapo mbali ina ya Sipeini kwa nthawi yaitali, ndipo pakati pawo panali akuda. Amonke a ku Itiyopiya ankayenda ulendo wachipembedzo mpaka ku Yerusalemu, ena anakafika ku Roma. M'tchalitchi china ku Jeremani muli chosema chakale cha woyera mtima wa nkhope ngati yathuyi, atavala zankhondo. Atate anayamba kugwedeza mutu monyada, koma amalume anakweza dzanja. Anati anthuwo anali ochepa, ambiri ankapezeka m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja kumene kumakocheza zombo. Ku midzi ya mkati, kozizira kuja, munthu akanatha kubadwa mpaka kukalamba osaonapo wakuda ndi mmodzi yemwe. Ndipo ena, anatero motsitsa mawu, sanapite mwa kufuna kwawo. Anapita ali akapolo.

Atate anayang'ana munthu wawo pa tivi.

"Wanga si kapolo," anatero.

"Chabwino. Koma si mwana wa mfumu ya kuja."

"Nanga nani anakamba kuti ni mwana wa mfumu?"

Masana onsewo anakhala akumupangira mbiri. Anagwirizana kuti anachoka kwawo ali mnyamata, akusamalira ziweto za amalonda odutsa m'chipululu. Atafika kunyanja anakwera chombo pamodzi ndi katundu, ndipo kutsidyako anapeza ntchito yoperekeza ngolo. Zovala zachitsulo anachita kupatsidwa ndi bwana wake chifukwa cha achifwamba a m'njira. Amalume anaumirira kuti m'mudzi uliwonse anthu azimuyang'anitsitsa, ngakhale gemuyo siionetsa. Atate anavomera, nati aziyang'ana, maso salasa.

Amayi, amene tinkayesa kuti sakumvetsera, anafunsa chifukwa chimene munthuyo sanabwerere kwawo. Amuna awiriwo anayang'anana. Amalume anati mwina njira inali yaitali.

"Njira yaitali chani," anatero amayi. "Anapeza mkazi kuja. Ine niwadziwa anthu a pamsewu."

Atate anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi mpaka kutsika.

Kunena zoona, atate sankasewera mmene eni gemu anafunira. Mfumu ya m'menemo inkawatuma kunkhondo, iwo osapita. Ankangonyamula katundu kuchoka mumzinda uwu kupita uwo, akudandaula za matope ndi milatho yopapatiza. Achifwamba akatulukira m'tchire, ankandipatsira ine mabatani kuti ndithane nawo, ndikatha nkuwabwezera. Chingerezi cha pansi pa tivi chinkathamanga kwambiri, ndiye amalume akakhalapo ankawamasulira, akuonjezamo ndemanga zawo za zimene zikanatheka ndi zimene sizikanatheka. Malaiti akapita, zimene zinkachitika kawirikawiri, ankatulutsa mipando pakhonde nkupitiriza. Kodi munthu wathuyu ankadya chiyani kumene kulibe chimanga? Ankapemphera m'chilankhulo chanji? Chisanu choyamba anachipirira bwanji? Oyandikana nafe ena ankaganiza kuti tili ndi m'bale kunja.

Chala chachikulu ndicho chinayamba kumvera. Patapita miyezi atate ankagwira okha kapu, kenaka anayamba kumanga okha mabatani a malaya, ngakhale ankachedwa mpaka amayi kutaya mtima. Lole sanayendetsenso.

Tsiku lina amalume, atamasulira kwa nthawi yaitali, anatambasula dzanja.

"Tabweretsani kuno nione."

Mlongo wanga anafuna kuwapangira munthu wawo, koma anakana, anati yemweyu ali bwino, amudziwa. Anagwira kachipangizoko ndi manja onse awiri ngati mbale yotentha. Kavalo anazungulira pamalo amodzi, anagunda mpanda wa munthu, kenaka anathamanga molunjika kukagwera mumtsinje, katundu yense nkumira.

"Ba mulamu!" anakuwa atate. "Pa kona mumachepetsa! Mwanipaira kavalo chifukwa chani?"

Anasendeza mpando wawo kufupi, nkuika dzanja lawo lodwala lija pamwamba pa dzanja la amalume, akuwakankhira chala kumanzere, kumanja, mmene ankaphunzitsira anyamata a pa lole. Amalume thukuta lili kamukamu, magalasi atatsetserekera kumphuno, ankangoti, "Nayesa, nayesa." Anachoka dzuwa litapendeka, amayi atawamangira mbatata m'kapepala.

Lamlungu linalo anafika msanga kuposa masiku onse, akadali m'jekete la kutchalitchi. Asanakhale n'komwe pansi anafunsa ngati malaiti alipo.