Maliro a Tisa m'bafa ya mkaka

Muli bwanji nonse pagulu la banjali.

Tisa, mng'ono wanga woyembekezerayu, wakhala akufuna zithunzi zija zogona m'bafa ya mkaka. Ku situdiyo n'kodula, ndiye lero tati tijambule tokha kuseri kwa nyumba kuno ku Nangongwe. Tabwereka bafa yakale kwa aneba, tasungunulamo mkaka waufa, maluwa tathyola pampanda.

Ndamuuza kuti, "Gona chagada, tsinzina, manja pachifuwa." Ine ndakwera pampando ndi foni.

Pomwepo apongozi ake atulukira kuchokera ku Shimabala, thumba la kabichi lili pamutu. Kungoona munthu ali zii, diresi loyera, maluwa mpaka m'khosi, aponya thumba pansi. "Mayo ine! Mwana wanga wapita ndi mimba!"

Aneba athamangira kuno akulira kale. Tisa wadzuka mkaka uli chuchuchu, azimayi awiri athawa mpaka kusiya mapatapata.

Manje apongozi ali pakhonde, tiyi akana. Akuti tawachitira malodza, ndipo mwana akabadwa sadzamunyamula mpaka akuluakulu akhale pansi.

Ba malume, mubwera liti kudzatipepesera? Komanso chithunzi chomwe chatuluka bwino ndi chija chomwe apongozi akulira pambali. Ndichiike pagulu pano, kapena ndidikire ayambe akhululuka?