Mlamba wa Zuze ndinkadya ndine

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene madzi anakokolola mapira athu kwa Mlolo. Madziwo ataphwera, amayi ankalawirira kudimba, bambo kudambo kukavuula miono. Ine ndinkatsala ndi mlongo wanga Zuze, wazaka ziwiri, amene anali atangoleka kuyamwa.

Ndinali mlezi wodzimva. Phala la ufa wachithandizo ndinkaphika ndekha, lamadzimadzi, ndipo akalira ndinkamusendera nzimbe kuti aziyamwa. M'mawa uliwonse amayi ankasiya chidutswa cha mlamba m'kambale.

“Umunyenyere mwana, uchotse minga,” ankatero.

Koma nanenso njala inkandipweteka. Ndinkamuthirira msuzi m'phala, nsombayo n'kukadyera kuseri kwa nyumba. Ndinkadziuza kuti ndikumuteteza ku minga. Minga ya mlamba ndi yowerengeka, ndipo zimenezo ndinkazidziwa bwino.

Kenako masaya a Zuze anadzaza, mapazi nawonso. Ndinkamuonetsa kwa anzanga kuti aone mmene ndikunenepetsera mwana m'chaka cha njala. Ndikadinikiza chala paphazi pake pankatsala kadzenje, ine n'kumaseka. Iye sankaseka. Tsitsi lake linafiira, khungu la m'miyendo linayamba kusupuka, phala lomwelo ankangolilavula.

Amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, atamuona sanachedwe n'kugamula.

“Ili ndi tsempho ili. Bambo wake wayenda ndi mkazi wina, wamusempha mwana.”

Bambo analumbira mpaka misozi, koma mkamwini alibe mawu pamudzi pa eni. Abale a amayi anawapirikitsa. Zuze anamwa mizu masabata awiri, akungotupirabe. Tsiku lina bambo anabwera osapempha munthu, anamumangirira kumsana n'kukwera njinga kupita kuchipatala. Ine ndi amayi tinawatsatira wapansi, dzuwa likutiwotcha paliwombo.

Namwino anadinikiza chala paphazi lija ngati mmene ndinkachitira ine, nkhope yake n'kugwa.

“Mwanayu amadya chiyani?”

“Phala ndi nsomba,” anayankha amayi.

“Nsomba tsiku lililonse?”

Amayi ananditembenukira. Ndinavomera ndi mutu.

Namwinoyo anandiyang'ana nthawi yaitali, koma sanandikalipire. Anati kutupako si kunenepa, ndi madzi. Phala ndi nzimbe zimangopatsa mphamvu yoyendera, ngati nkhuni pamoto. Chimene chimamanga mnofu ndi magazi a mwana ndi nsomba, dzira, nyemba kapena nsinjiro, ndipo timafuta pang'ono m'phala timathandiza kamimba kakang'ono kupeza mphamvu zambiri.

“Mimba imatha kukhuta thupi likufa ndi njala, mayi,” anatero. “Msuzi wokha si nsomba.”

Mawu omalizawo ankanena ine, ndipo ndinawamva. Anamupatsa Zuze mkaka wa kuchipatala ndi kasupuni, pang'onopang'ono. Zuze anamwalira tsiku lachinayi, cha kumasana, amayi atapita kukachapa matewera. Amene anamutseka maso anali bambo.

Kumudzi za namwino palibe anazilabadira. Pamaliro bambo anakhala okha pansi pa mtengo wa msawu, anthu akuwalozerana ndi milomo. Atatha maliro ananyamuka kukadula nzimbe ku Chikwawa, ndipo banja linathera pomwepo.

Lero ndine mayi wa ana atatu. Ndikudziwa kuti njala inali ya mudzi wonse, kuti mwana wazaka zisanu ndi zinayi sungamusiyire wina mwana ndi kambale kamodzi. Mwina chidutswa chijacho sichikanamupulumutsa Zuze. Zimenezo ndinadzikhululukira, ngakhale ana anga sindiwachokera mpaka ndione ndi maso anga kuti ameza ndiwo zawo.

Chimene chimandiwawabe ndi china. Ndinkapita kukawaona bambo kumakomboni, iwo n'kumandigulira nsomba yokazinga, n'kumandifunsa ngati amayi amakhulupirirabe zija. Ndinali ndi mpata wa zaka makumi awiri woti ndinene zoona. Bambo anatsikira kulichete akutchedwa munthu amene anapha mwana wake, ine ndikudziwa amene ankadya mlamba.