A Sandipepa ndi Tebulo la Azakhali

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga, anthu amawatchula kuti a Sandipepa, kutengera pepala lokhakhala lopalira matabwa, ndipo iwo amayesa kuti ndi dzina laulemu. Anaphunzira ukalipentala miyezi itatu kwa mmisiri wina wokalamba wa kuseri kwa msika, kenako anachokako, ati mkuluyo ndi waulesi poti amatha tsiku lonse akupukuta mpando umodzi ndi kansalu. Atatsegula shedi yawo analemba pakhomo kuti amadzutsa mipando yakufa. Chimene amadziwa n'kupala basi. Akaona thabwa loderako, manja amawayabwa.

Azakhali athu anali ndi tebulo limene anasiya agogo awo, lolemera moti amuna anayi ankalinyamula akubuula. Pamwamba pake panali pofiirira ngati uchi wokhalitsa, posalala ndi zigongono za anthu, pakona pali chipsera cha ayironi imene amayi awo anaiwalapo ali mtsikana. Mwendo umodzi unkagwedera. Anawaitanira zokhazo alamuwo.

"Mwendo wokha, bambo," anatero azakhali. "Pamwambapo musakhudzepo."

"Inu mtima m'malo, azakhali. Ntchitoyi ndi yathu."

Patapita masiku anayi analibweza pangolo. Linali litayera mbuu ngati bokosi la tomato, atalikhuthulira vanishi amene anayenderera m'miyendo n'kuumira momwemo ngati mamina. Ntchentche ziwiri zinali zitamatirira pakati. Alamu anaima pambali atagwira m'chiuno, kudikira kuti tiwaombere m'manja.

Azakhali analizungulira kamodzi, n'kulikankha ndi dzanja. Mwendo uja unagwedera monga kale.

"Tebulo langa lili kuti?" anafunsa.

"Ndi lomweli. Ndachotsa litsiro lonse lamakedzana."

Ine ndinapita kukatenga mmisiri wokalamba uja. Anasisita pamwamba ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Pankangofunika kasopo, phula ndi kansalu. Chimene wapala uyu sichingabwerere, mayi. Ndingokonza mwendowu."

Anaukonza pomwepo, osawayang'ana n'komwe alamu, amene ankamulangiza kagwiridwe ka hamala.

Azakhali anayalapo nsalu ndipo sanaichotsenso. Koma alamu anali atalijambula kale tebulolo. Chithunzicho anachipachika mushedi, mpaka lero amachionetsa aliyense wolowa. Sabata yomwe tebulolo linabwezedwa, achemwali anga anabweretsa kwanga kabati imene anapatsidwa paukwati wawo, ati kwawo malo achepa.