Simenti Iyambe, Tailosi Pambuyo

Anzanga, ine sukulu ndinangoionera pawindo. Izi ndikungoyankhula, foni ndiye ikulemba. Polakwika muikalipire foniyo.

Ndili ndi mano onse m'kamwamu, ndinkaika matailosi m'nyumba za anthu. Tsiku lina anandiitana mayi wina wophunzitsa masamu kuyunivesite. Anthu ankati Adokotala, ngakhale jakisoni sankamudziwa.

"Pabalaza pano mitundu itsetsereke chopendekera," anatero. "Mzere uliwonse wopendekera, mtundu umodzi."

"Osangoika oyera okhaokha bwanji?"

"Imeneyi ndi Toeplitz, a Matailosi. Manambala ndimawayala chomwechi. Ndimadyera pomwepa."

Ntchito yaing'ono ija ndinaikoka ngati chingamu... Iwonso tiyi sankamuumira.

Pa tiyipo anandifotokozera. Akuti m'masamu awo muli makina osintha manambala, ndipo aliwonse ali ndi mnzake, ngati munthu ndi nkhope yake ya pagalasi. Ukayamba ndi awa kenako awo, kapena awo kenako awa, zotuluka zikafanana, amati normal.

"Zikasiyana ndiye ngati simenti ndi tailosi," ndinatero. "Simenti iyambe. Ukatembenuza, wakwirira tailosi."

Anaseka mpaka tiyi kutayikira pa siketi. Chikondi chathu chinayambira pa siketi imeneyo.

Palinso makina ena, akuti, paokha si normal, koma ndi chidutswa chodulidwa ku makina aakulu amene ali normal. Amenewo ndi subnormal. Chinkawasowetsa mtendere Adokotala n'chakuti m'masamu awowo pa tailosi iliyonse sankaikapo nambala imodzi, koma kabokosi ka manambala, matrix. Timabokosi timeneti n'tamakani, sitilola kusinthana malo wamba. Ankafuna kudziwa kuti subnormal wotereyu amakakamizika liti kukhala normal.

Achemwali anga sanachedwe kunyogodola.

"Achimwene, mkazi wocheza ndi bolodi mudzamutha inu?"

"Bolodi silimuperekeza kumsika," ndinayankha.

Koma zoona, nthawi zina ndinkayankhula, Adokotala maso ali pansi, akutsata mizere yanga ija. Sindinkadandaula. Mumtima ndinkati, munthuyu ndi subnormal, ndikuona chidutswa chabe cha chinthu chachikulu chowongoka. Tinayamba kukambirana za ukwati, anzanga. Suti ndinali nditayesa kale.

Ndiye masana ena, titakhala pabalaza pomwe paja...

"A Matailosi, ndapeza ntchito kunja. Kuli anthu amene akulimbana ndi funso langa lomweli. Ndavomera. Tipitire limodzi."

"Mwavomera liti?"

"Mwezi watha."

Mwezi wonse ndikudya nawo mbale imodzi, ndikuwasankhitsa mtundu wa taye.

"Mukanandifunsa kaye, bwenzi pano ndikumanga zida zanga."

"Nanga si chimodzimodzi? Kufunsa kenako kuvomera, kuvomera kenako kufunsa... Ndege tikwera imodzi."

Ndinagogoda tailosi ndi chala chakuphazi.

"Adokotala, simenti iyambe."

Kenako anati, "Ndinkaopa kuti mukana."

Pamenepo ndiye panandibaya. Osati ndegeyo, osati kunjako. Munthu ndinamukhulupirira ngakhale mbali imene sindinkaiona, iye ine sanandikhulupirire ndi funso limodzi.

Sindinapite. Achemwali amati kunali kudzikonda, ndipo masiku ena ndimawavomereza. Funso la Adokotala lija kaya analipezera yankho, sindidziwa.

Nyumba ija inagulitsidwa. Eni ake atsopano anandiitana ine ndemwe kuti ndichotse matailosi, ati amawachititsa chizungulire. Ndinagwada ndi tchizulo, koma matailosiwo anakana kutuluka athunthu, onse ankachita kusweka. Ndinali nditawaika bwino kwambiri.

Anzanga, munthu akakufunsa atamaliza kale, sakukufunsa. Akukudziwitsa.