Maliro a pa mpopi

"Enelesi, kodi amako akuchapanso malaya omwe anachapa dzulo?" Anandifunsa choncho Bana Chanda, mayi oyandikana nafe ku Chililalila, komboni ya ogwira ntchito kumgodi, atasuzumira pa mpanda. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinangoyang'ana pansi, chifukwa yankho ndinali nalo koma amayi anali atandiletsa kunena.

Inali nyengo yotentha, chaka chimene mgodi unatsekedwa. Fumbi la ku milu ya mgodi linkalowa mpaka m'mano, ndipo pabwalo pathu pankamveka fungo la sopo ndi la mankhwala a kuchipatala. Atate ntchito inali itawathera, kenaka anagwidwa ndi matenda aja amene anthu sankawatchula dzina. Ankagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, miyendo itatsala ngati mipini ya makasu. Sabata imeneyo anali atayambanso kumeza phala, amayi akuwagwirira mutu.

Ndiye kunabwera kalata yochokera kumudzi kwathu ku Katete. Atate aang'ono a Yotamu, mng'ono wawo yekhayo wa atate, anali atamwalira ndi matenda omwewo, ndipo anali ataikidwa kale. Kwathu uthenga wotere ukafika, mayi wa panyumba amalira mokweza pakhomo, mipando amaitulutsa panja, anthu n'kusonkhana. Amayi anawerengera kalatayo kukhitchini, n'kuipinda, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje.

"Atate ako angoyamba kumene kudya," anandiuza. "Akamva lero, supuni ija aikankha. Pakamwa pako utseke."

Anatenga beseni ndi zovala n'kupita pa mpopi wa tonse, kumapeto kwa mzere wa nyumba zathu. Anatsegula madzi mwamphamvu kuti aziphokosera, n'kuyamba kulira atawerama, manja akufikisa malaya. M'mawa mwake anachitanso chimodzimodzi, zovala zili zoyera kale.

Bana Chanda ataona kuti ine sindiyankha, anapita okha kumpopiko. Sanachedwe. Anabwerera kukatenga beseni lawo, n'kukakhala pafupi ndi amayi. Tsiku lachitatu kunali azimayi a kumpingo kwathu, aliyense ndi kamtolo ka zochapa. Ankayimba motsitsa, thovu likuyenda m'ngalande, ndipo zingwe zonse za mzere wathu zinadzaza. Ine ndinkathamanga pakati pa mpopi ndi mtengo wa mango, kuwapatsa atate madzi akumwa.

"Amake Enelesi," anatero atate amayi atabwerako, "kodi Chililalila yense wagwa m'matope?" Amayi anaseka, maso ali psu, n'kuwapatsa phala. Atate anamaliza mbale yonse.

Patapita masabata awiri, atate anayenda okha mpaka pachipata. Madzulo ake amayi anakhala pansi pambali pawo, n'kumasula nsonga ya chitenje ija. Atate anawerenga kalata ija pang'onopang'ono.

"Ndinadziwa kuti kwagwa maliro," anatero. "Nyimbo zija sayimbira zovala. Koma ndinaona kuti mukufuna ndidye, ndiye ndinadya." Atatero anatchula dzina la mng'ono wawo, n'kulira ngati mwana. Amayi anatulutsa mipando.

Ndili wamng'ono ndinkati amayi anawanamiza atate, ndipo ndinkaopa kuti tachimwa tonse. Lero, mwana wanga ali kumsana, ndimaona kuti anangowasungira chisoni chawo mpaka atapeza mphamvu zochisenzera. Atate anakhalanso nafe miyezi isanu ndi iwiri. Nyengo imeneyo inatitengera ntchito ya kumgodi, atate aang'ono, atate, kenaka ndi nyumba yomwe.