Mpunga wobereka kumsana wa a Namakhwa

A Wilfred Namakhwa ndinawadziwa mu 2016, nditangoyamba kugulitsa zakudya zakwathu kuno ku Bolton. Loweruka lililonse ndinkazungulira ndi kavani kanga m'makomo mwa Amalawi, ndipo ndinkadziwa kuti anthu awiri amatha makilo asanu a mpunga pa mwezi. Koma iwo, okhala awiriwiri ndi akazi awo, anagula thumba la makilo khumi, patangotha milungu iwiri n'kufunanso lina.

"Kukubwera alendo, ankolo?" ndinafunsa.

Anayankha ndi akazi awo, anti Asimenye, omwe ndi namwino. "Alendo ake ati? Mpungawo sitidya, Agness. Amaubereka kumsana. Afunse wekha."

M'malo mondiyankha, a Namakhwa anati ndibwere Lolemba, tsiku limene sapita kuntchito kwawo kosamalira okalamba. Tinakakwera Winter Hill, phiri la mlongoti wautali lomwe limaonekera m'tauni. Iwo anali ndi zaka 57, makilo makumi awiri m'chikwama, bondo lamanzere atalikulunga bandeji. Ine wa zaka 26, wopanda kanthu, ndinapuma kanayi. Iwo ayi.

Anandifotokozera tili m'njira. Kwawo ndi ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo kwa zaka khumi ndi zinayi ankanyamulira katundu alendo okwera phirilo.

"Koma pamwamba pa Sapitwa sindinapondepo," anatero. "Ine ndinkathera pakanyumba kogona kam'munsi. Umatsala ukulondera zikwama ndi kuwiritsa tiyi, eni ake n'kupita. Akabwerako amakuonetsa chithunzi."

Tsopano pasipoti yawo inali itatuluka, koma adokotala anali atanena kuti bondolo alichita opaleshoni chaka chotsatira, ndipo zikatero za mapiri ataliatali aiwale. Ndiye analembetsa ulendo wa ku Morocco, kukakwera Toubkal, phiri la miyala yokhayokha loyang'ana kuchipululu, lotalika mamita oposa 4,100. Ndinawerengera mumtima: ma Winter Hill asanu ndi anayi kuwasanjikiza.

"Bwanji osangopita ku Sapitwa komweko?"

"Kumeneko onse amandidziwa, ndikangofika andipatsa chikwama," anaseka. "Ndikufuna ndikaime pamwamba pa phiri kamodzi kokha, kumsana kulibe katundu wa munthu."

"Nanga mpungawu ndi wa chiyani?"

"Wopanda katundu sindidziwa kuyenda, mwanangu. Ndimaona ngati ndigwa chafufumimba."

Titabwerera kunyumba, anti Asimenye anawachenjeza ine ndikumva: "Bambo a Lettie, ku Morocco kuli abulu onyamula katundu. Mukakangoyamba zothandiza anthu zanuzo, bondolo likakutherani panjira, pamwambapo osafika."

Anapita mu Seputembala. Loweruka lotsatira atabwerako ndinayambira kwawo, ngakhale kuti pamndandanda wanga anali a nambala seveni. Ndinawapeza mwendo atausanjika pampando.

"Mwafika kapena ayi?"

"Khala pansi kaye, wabizinesi iwe."

Tsiku loyamba, akuti, anakangana ndi mwini bulu asanamupatse chikwama, kenako anayenda mtunda wonse manja akusowa pogwira. Tsiku lachiwiri abulu anatsala m'munsi, aliyense ananyamula kachikwama kake ka madzi ndi majuzi. Njira inali ya miyala yogumuka, ukaponda katatu umabwerera kamodzi, pena kukwera chokwawa. Mnyamata wina wa ku Leeds wa m'gulu lawo, dzina lake Rowland, mpweya unamuchepera, anakhala pamwala nkhope itayera.

"Sindinaganize n'komwe," anatero a Namakhwa. "Mkono unangopita wokha. Pozindikira, chikwama chake chili kumsana kwanga."

"Ndinanena ine!" anakuwa anti ali kukhitchini. "Munthu kukwera ndege ulendo wonsewo kukafuna ganyu!"

A Namakhwa anayenda nacho maola awiri, bondo likuyaka moto. Kenako anaona zitsulo zomwe anazimika pansonga penipeni. Anayerekeza ndi maso: mapazi makumi atatu. Anaima, anavula chikwama cha Rowland n'kuchiika pamwala, chawonso n'kuchiika pambali pake. Anadikira mwini wake mpaka anafika.

"Ndinamuuza kuti, mphwanga, kuyambira apa nyamula wekha. Ndipo ukafika undijambule."

"Ndiye munagwa chafufumimba?"

"Kamodzi kokha."

Anandipatsa foni. Pachithunzipo aima pafupi ndi zitsulo zija, ataweramira kutsogolo pang'ono ngati akadasenza kanthu, bondo la thalauzi lili fumbi lokhalokha. Kumbuyo kwawo mapiri ofiirira akunka natsika mpaka kuzimirira m'chifunga. Kumsana kulibe chilichonse.

Ndinawafunsa ngati chipululucho chinaoneka bwino. Anati sakudziwa, iwo ankangomvetsera mphepo ikuwomba pamsana, pamalo pomwe pamakhala thukuta.

Anti anatsegula thumba loyamba tsiku lomwelo. Kwa ine sanagulenso mpunga mpaka Januwale.