Nsapato Yachitsulo ya Phazi Lamanzere

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ndipo odziwa kulemba alipo ambiri. Koma nkhaniyi yandikhala pakhosi.

Kwathu ndinkayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Malume, alongo awo a mayi anga, anandiitanitsa ku South Bend, kuno ku Amereka, kuti ndizigwira ntchito yosamalira okalamba. Iwo ndi namwino, ndipo Mmalawi akamwalira kuno, nthawi zambiri ndi iwo amene amaperekeza bokosi mpaka kumudzi.

Loweruka lina mnzanga wa kuntchito ananditengera ku Indianapolis kukaonera mpikisano wa njinga zamoto pabwalo la dothi. Njingazo zilibe mabuleki. Pokhota, wokwera amatsetsereka chammbali, phazi lamanzere likukhula pansi litavala nsapato yachitsulo. Ndinakumbukira matope a msewu wa kwathu nthawi ya dzinja, thumba la chimanga lili kumbuyo. Ndinanong'oneza mnzangayo kuti izi ndimazidziwa. Iye anaseka, koma anakauza bambo wina wa ku Beech Grove, mwini galaja, amene anasiya kupikisana mawondo atamukana.

Bamboyo anandibwereka njinga ndi nsapato yake yakale. Chaka choyamba ndinadya dothi kwambiri. Chachiwiri ndinayamba kusiya ena kumbuyo. Ine amene sinditha kuyang'ana munthu m'maso, pabwalopo sindinkapatukira aliyense.

Malume ankadziwa, koma ankangoti ndi masewera a ana. Ndinawapempha adzaonere mpikisano womaliza kuzizira kusanayambe. Anabwera, ndipo ndinapambana. Ndinawaona ataimirira, akukuwa kuti, "Mphwanga uyo!"

Pobwerera malume ankadiraiva, ndipo titatuluka m'tauni anayamba kulankhula.

"Mabuleki ali pati pa njinga ija?" anafunsa.

"Palibe, malume. Zimapangidwa choncho."

"Ndiye umaima bwanji?"

"Ndimangobweza moto."

Anapukusa mutu. "Umatha, iwe. Sindimadziwa." Kenako mawu anatsika. "Mnyamata anagwa kumbuyo kwako uja, unaona mmene anamunyamulira? Ine ndaperekeza mabokosi a ana a eni ake. Pabwalo la ndege amayi awo amandigwera m'miyendo. Mlongo wanga anandipatsa iwe ukuyenda wekha. Ndidzamuuza chiyani?"

"Ndimasamala, malume."

"Sindikukuletsa. Kuno ndi ku Amereka, ungandiitanire apolisi." Anayesa kuseka koma zinakanika. "Ndikungokupempha."

Akanandikalipira, mwina ndikanauma mutu. Koma munthu wamkulu akakupempha misozi ikulengeza m'maso, ungayankhe chiyani? Ndinati, "Ndamva, malume."

Nsapato ija inakhala pansi pa bedi langa mpaka chipale chofewa chinayamba kugwa. Ndikachoka ku shifiti ndinkaivala, n'kuima nayo pakapeti kuti isamveke. Ndikatuluka Loweruka, malume ankandiyang'ana m'manja. Ndinaona kuti ndikuwadwalitsa.

Ndinapempha mnzanga uja andiperekeze ku Beech Grove kukabweza nsapato ija. Mwini galaja anati ndiisunge, dothi likauma tidzayambiranso, pakuti wokwera ngati ine sanamuonepo kwa nthawi yaitali. Chizungu chinandithawa. Ndinangogwada pang'ono monga timachitira kwathu, n'kuipereka ndi manja awiri. Bamboyo anailandira, kenako anaikoleka pamsomali, pamwamba pa njinga ija.

Linali tsiku lotsatira Khirisimasi, pa 26 Disembala chaka chatha.